Samu Imene Ndinanamiza Nayo Amayi Ako

Mzimba,
Lachitatu masana.

Mwana wanga Masozi,

Wapita kwa akulu ako a Tiwonge kukatsanzika, ndipo wanena kuti pobwera udzera kumsika kukagula sopo ndi loko wa sutikesi. Ndiye kuti ndili ndi maola atatu kapena anayi. Ndakhala pa tebulo lathu la masamu pakhonde. Kalatayi ndikaimaliza ndiipana m'buku lako lobiriwira, pamutu wa magalafu, chifukwa ndikudziwa kuti bukulo sulisiya ndipo mutuwo sungaudumphe. Ku positi sindingaiponye; ukudziwa wekha kuti makalata masiku ano amawerengedwa ndi anthu ambiri asanafike kwa mwini wake. Ndikulemba m'Chichewa, chilankhulo cha amayi ako a ku Kasungu, popeza zambiri zimene ndikufuna kunena ndi zawo, ndipo m'Chitumbuka sindingathe kuzinena.

Mawa basi ikunyamula kupita nawe ku Zomba kukaphunzira uphunzitsi wa masamu, ntchito imene ine ndaigwira mpaka tsitsi kuyera. Anthu kutchalitchi akuti wanditengera. Ndikamva zimenezo ndimanyada pang'ono, kenaka ndimachita mantha, chifukwa iwo akudziwa mbali imodzi yokha ya munthu amene akuti wamutengerayo. Ndiye ndati ndikuuze mbali inayo usanapite. Malangizo ndilibe ambiri. Ndili ndi zolakwa zanga basi, ndipo ndizo ndikupatse.

Choyamba ndi chaching'ono. Ndili folomu 2 ku sukulu ya mishoni, ndinazolowera kukopera mayankho kumapeto kwa buku. Tsiku lina anatipatsa misinkhu ya ana makumi atatu kuti tipeze avereji yake. Ine sindinaonkhetse kanthu. Ndinatembenuza buku, ndinapeza kuti yankho ndi mainchesi 95, ndinalemba. Osindikiza anali atatembenuza manambala. Yankho lenileni linali 59. Aphunzitsi athu sanandikwapule. Anakwera pampando ndi rula, nalemba mzere wa choko pakhoma, pamwamba penipeni pafupi ndi denga, ndipo anandiuza kuti ndiime pansi pa mzerewo mpaka belu lilire, ndikudikira mwana wa m'kalasi mwathu amene mutu wake ungafike pamenepo. Anzanga anaseka sabata yonse. Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kuchita samu iliyonse ndi dzanja langa. Nawe uzitero, Masozi, tsiku lililonse, ngakhale masamu asanu okha dzuwa lisanakwere. Ndipo ukapeza yankho, usalembe msanga. Uziyamba wayang'ana anthu amene ukuwerengawo, uone ngati yankholo likufanana nawo.

Pamenepa iwe unandiposa kalekale. Ukukumbukira tchuthi chija uli folomu 3, tili kumudzi ku Champhira, pamene ndinakutuma kukakhala m'mbali mwa msewu waukulu kuwerenga malole a matabwa ochokera ku Chikangawa? Unakhala masiku khumi, ola limodzi tsiku lililonse, ukulemba timizere tinayi ndi kachisanu kodutsa pakati. Tsiku lina kunagwa chimvula ndipo sipanadutse lole ngakhale imodzi. Titakhala pansi kuti tipeze avereji, ndinakuuza kuti tsiku limenelo ulichotse, ugawe ndi masiku asanu ndi anayi, popeza manambala ankagawika bwino choncho. Unakana. Unati, "Adada, tsikulo linalipo. Ine ndinanyowa." Ndinaseka, ndinakulola. Koma pobwerera kunyumba sindinalankhule, ndipo iwe unaganiza kuti ndakwiya. Sindinakwiye. Unandikumbutsa za anthu amene ine ndinawachotsa powerengera.

Chinali chaka china cha njala, iwe uli wamng'ono, ine ndikuphunzitsa pa sekondale yoyendera pano pa boma. Ndinatopa ndi manambala a m'buku onena za masitima ndi maapulo, zinthu zimene ana athu sanazionepo. Ndinati tiwerenge zathu. Ndinafunsa ana a folomu 4, onse makumi anayi, kuti aliyense alembe pa kapepala popanda dzina kuti dzulo lake anadya kangati. Unali mwezi wa Febuluwale. Titatsegula timapepala, khumi ndi asanu ndi anayi anali atadya kamodzi. Anayi anadya kawiri. Khumi ndi asanu anadya katatu, ndipo awiri, ana a makalaliki a ku ofesi, anadya kanayi. Tinajambula galafu pa bolodi. Mzati wa "kamodzi" unatalika kuposa yonse, ndipo ana anamvetsa tsiku lomwelo kuti modi ndi nambala imene yaoneka kwambiri. Sindinayambe ndaphunzitsapo phunziro lolowa ngati limenelo. Ahedi ataona, anati atenga manambalawo akapemphe chimanga cha phala kwa amishoni, kuti ana ochokera kumidzi azimwa kanthu masana.

Ndinaiwala kufufuta bolodi. Madzulo ake m'kalasimo munali msonkhano wa chipani.

Patapita masiku awiri anandiitana ku ofesi ya ahedi. Ndinapezamo atcheyamani a dera ndi anthu ena awiri amene sanandiuze maina awo. Atcheyamani anandifunsa mwaulemu ndithu ngati ndikuphunzitsa ana kuti m'dziko muno muli njala, pamene aliyense akudziwa kuti tinakolola zochuluka. Ndinaganiza za inu asanu, opanda mayi, ndi za aphunzitsi ena amene tinkangomva kuti anatengedwa osaonekanso. Ndiye ndinapempha choko. Ndinaonkhetsa chakudya chonse pamaso pawo, chinakwana makumi asanu ndi atatu. Ndinagawa ndi ana makumi anayi. Ndinati, "Mwaona, bwana, avereji ndi kawiri pa tsiku. Phunziro langa linali loonetsa kuti mwana wa sukulu ino amadya kawiri ngakhale mwezi wa Febuluwale." Atcheyamani anayang'ana nambalayo nthawi yaitali, anathokoza kuti yewo chomene, nandigwira dzanja. Anauzanso ahedi kuti ngati zili choncho, nkhani yokapempha chimanga kwa azungu ithe, chifukwa ikuchititsa manyazi dera.

Samuyo inali yolondola, Masozi. Ukhoza kuichita wekha. Koma mwa ana makumi anayi aja, anayi okha ndiwo ankadyadi kawiri. Phala silinabwere. Pofika Isitala mipando isanu ndi umodzi inali yopanda anthu. Mmodzi mwa amene anasiya anali Esinati, mtsikana amene ankayenda mtunda wautali kuchokera kumudzi ndipo ankamaliza masamu ine ndisanamalize kulemba funso. Anakwatiwa chaka chomwecho ku esiteti ya fodya kumalire a Kasungu. Ndinakumana naye zaka zitatu zapitazo pa depoti, ali ndi mwana kumsana, wina kumanja, akugulitsa nthochi. Anandigwadira, nandipatsa nthochi ziwiri zaulere, nandiuza kuti amakumbukirabe galafu ija. Sindinathe kuzidya.

Sindikukuuza kuti ukakhale wolimba mtima kuposa ine. Ndikanakhala wolimba mtima tsiku lija, mwina ukanakulira kwa ankhazi ako, alongo anga aja, osadziwa kumene ndinafera. Ku Zomba usakayankhe nkhani za boma, ngakhale wokufunsayo akhale mnzako wa chipinda chimodzi. Khadi la chipani uziyenda nalo. Ndaliika m'thumba la mkati mwa sutikesi. Ukamaliza phunziro uzifufuta bolodi. Koma ndikupempha chinthu chimodzi: ukadzakakamizika kutchula avereji kuti upulumuke, iwe mwini uzidziwa mumtima kuti wabisa ndani, ndipo uzimufunafuna. Ine ndinadzinamiza kuti sindinaname, ndipo chifukwa cha chimenecho sindinapite kumudzi kwa Esinati ngakhale kamodzi kukaona ngati pali chimene ndikanachita. Njinga ndinali nayo. Masamba awiri amenewa ukawerenga uwang'ambe, uwaotche. Usaiwale.

Tsopano ndafika pa chimene ndalembera kalatayi.

Chaka chatha, tikukonzekera mayeso ako a folomu 4, tinkachita mafunso akale a masamu a mwayi, aja a zitsekerero za mabotolo m'thumba ndi ndalama yoponya m'mwamba. Unawerenga funso lina mokweza: mayi ali ndi ana anayi, onse aakazi, mwayi woti wachisanu adzakhale wamwamuna ndi wotani? Unayankha usanagwire n'komwe pensulo. Unati theka, chifukwa ana obadwa kale sasintha kanthu. Ine ndinanyamuka ndi kupita kudimba, ndipo sindinabwere mpaka nthawi ya chakudya. Unandifunsa ngati walakwa. Ndinati ayi, mutu ukundiwawa. Mutu sunkandiwawa.

Iwe unauzidwa kuti amayi ako anamwalira pobereka iwe, mwatsoka, monga amwalirira amayi ambiri. Zimenezo n'zoona, koma sizonse. Pobadwa mkulu wako amene unapondana naye, wachinayi uja, amayi ako anataya magazi ambiri ndipo anagona kuchipatala masabata atatu. Tsiku lotuluka, mzamba wamkulu anatiitana tonse awiri m'kachipinda, natseka chitseko. Masiku amenewo za kulera sizinkakambidwa poyera, ndiye analankhula motsitsa mawu. Anati thupi la amayi ako latopa, ndipo mimba ina ikhoza kuwatenga. Anandiyang'ana ine, osati iwo, nandifunsa ngati ndamva. Ndinati ndamva.

Kumudzi sanamve. Asekuru ako, bambo anga, anali akadali moyo, ndipo ankati ng'ombe za malowolo zinapita ku Kasungu koma pakhomo palibe wodzalowa dzina. Ankhazi ako ankabwera mwezi uliwonse ndi dzina la mtsikana wina woti ndimutenge akhale wachiwiri. Ine ndinali mkulu wa mpingo, mitala sindikanatha. Ndipo usaganize kuti anandikakamiza. Mwana wamwamuna ndinkamufuna ndekha. Ndinkaona aphunzitsi anzanga akuyenda ndi ana awo aamuna ku mpira, ndipo ndinkamva ngati ndalephera mayeso amene aliyense anakhoza. Amayi ako ankamva zonse. Ankaopa imfa, ankaopanso mkazi wachiwiri.

Patapita zaka ziwiri, tsiku lina Lamulungu titaweruka kutchalitchi, ndinawapeza atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba akusankha nyemba. Ndinabwera ndi sileti ndi ndalama ya teni tambala, ija ya mutu mbali ina, chimanga mbali ina. Ndinawauza kuti kubadwa kwa mwana kuli ngati kuponya ndalamayi. Ndinalemba theka kuchulukitsa ndi theka kasanu, ndipo ndinawaonetsa kuti mwayi woti banja likhale ndi ana asanu aakazi okhaokha ndi umodzi mwa makumi atatu ndi awiri. Ndinati, ndiye kuti wachisanuyu, pafupifupi mosakayikitsa, ndi wamwamuna. Tiyese kamodzi kokha, tikapeza, basi, ankhazi asiye kubwera.

Amayi ako analekeza sukulu sitandade 4. Anatenga ndalamayo m'dzanja langa, naiponya pamphasa kangapo, akuiyang'ana. Kenaka anandifunsa kuti, "Abambo a Tiwonge, kodi ndalamayi imadziwa kuti yagwa kale kanayi mbali imodzi?"

Masozi, sabata yomweyo ndinali nditaphunzitsa folomu 4 kuti ndalama sikumbukira. Ndinali nditadula mamalikisi kwa ana amene analemba zimene ine ndinkauza mkazi wangayo. Ndinkadziwa kuti ana anayi anali atabadwa kale, kuti funso lotsala linali la mwana mmodzi, ndipo yankho lake ndi theka. Mkazi wanga, ndi sitandade 4 yake, anali atafunsa funso lenilenilo. Ndinawayankha kuti masamu sanama.

Anandibwezera ndalamayo. Anati, "Mbwenu, basi, inu ndinu aphunzitsi." Ndipo anapitiriza kusankha nyemba.

Unabadwa m'mawa, nthawi ya mvula. Anandiitana ndili m'kalasi. Nditafika, mzamba yemwe uja anandidutsa pakhonde osandipatsa moni. Anayesa zonse zimene akanatha. Ndinawaona ndi maso anga akuthamanga ndi mabeseni. Magazi sanaleke. Amayi ako anakhala ndi moyo mpaka masana, ndipo ankadziwa zimene zikuchitika. Anali atakugoneka pachifuwa pawo. Atandiona anandifunsa ngati ndamva kuti ndi mwana wanji. Ndinati ndamva. Anamwetulira, milomo itayera ngati phulusa, nati, "Samu ija mwaiphonya, aphunzitsi." Panalibe mkwiyo m'mawu awo. Ndikanakonda akanandikalipira.

Cholakwa chinanso ndi ichi: sindinakunyamule. Pamaliro ankhazi ako anakutcha Masozi, ine ndinangovomera. Anakutenga kumudzi, nakumwetsa mkaka wa ng'ombe ndi supuni, ndipo a Tiwonge, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, anasiya sukulu chaka chathunthu akukubereka. Sanabwererenso bwino m'kalasi. Ndicho chifukwa chake lero amasoka zovala pakhonde la sitolo pamene anali ndi mutu ngati wako. Uziwalemekeza kuposa mmene umandilemekezera ine. Ine ndinkabwera kumudzi kumapeto kwa mwezi, ndinkakuyang'ana uli patali, ndi kubwerera. Ndinakunyamula koyamba utatsala pang'ono kuyenda, ndipo si ine ndinayamba. Unakwawa wekha kudzagwira mwendo wa buluku langa, pamaso pa anthu, ndipo ndinasowa kothawira.

Ndikudziwa chimene chikubwera m'mutu mwako, chifukwa chakhala m'mutu mwanga zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndikananena zoona pamphasa paja, amayi ako mwina akanakhala ndi moyo, ndipo iwe sukanakhalapo. Ndayesa kuziika mbali ndi mbali kuti ndione chimene chikulemera, ndalephera. Sindingafune dziko lopanda iwe. Sindingalekenso kufuna kuti ndikanayankha funso lawo moona. Ziwirizi ndimangokhala nazo. Koma imva bwino, mwana wanga, ndipo ubwerezenso kuwerenga mzere uno: cholakwa si iwe. Cholakwa chinachitika ndi sileti ndi choko, iwe usanakhaleko.

Ndiye malangizo anga ndi awa, ngati munthu wotere angalangize. Ukupita kukaphunzira chinthu chimene anthu ambiri kwathu kuno amachiopa. Ukadzabwera, ukadzatchula nambala, adzakukhulupirira osafunsa, monga anandikhulupirira amayi ako, monga anandikhulupirira atcheyamani. Usadzaigwiritse ntchito mphamvu imeneyo pa munthu amene amakukonda. Munthu wosaphunzira akakufunsa funso limene likukuvuta, usamutseke pakamwa ndi setifiketi. Kawirikawiri funso lotero ndilo loona. Ndipo iwenso, mwamuna aliyense, kaya mphunzitsi wa ku koleji kaya amene udzakwatiwe naye, akadzakubweretsera manambala okuuza kuti palibe choopsa, udzatenge pensulo uchite wekha. Anamwino akadzakuuza kanthu za thupi lako, udzamvere iwo, osati apongozi, osati mwamuna, osatinso ine.

Zina ndi zazing'ono. Ku Zomba akuti kuli udzudzu kuposa kuno; thupi likangotentha upite kuchipatala tsiku lomwelo, usadikire. Juzi ya amayi ako ya bulauni a Tiwonge aikonza m'zigongono, ili pansi pa sutikesi. Akakuseka chifukwa cha kalankhulidwe kathu ka kumpoto, uwasiye, iwe uzikhoza masamu. Kutchalitchi uzipita. Mabuku usabwereketse popanda kulemba dzina la wobwerekayo. Masamu asanu m'mawa uliwonse, usaiwale.

Mawa ndikuperekeza ku depoti, ndinyamula sutikesi, ndipo ndikudziwa kuti ndikangonena za nyengo ndi za mpando wa pawindo. Usadabwe. Pakamwa sindinathe zaka zonsezi, sindingathe mawa. Ukawerenga izi ukhoza kukwiya, ndipo uli ndi ufulu. Ngati sufuna kundilembera, ulembere a Tiwonge mizere iwiri kuti tidziwe kuti uli moyo. Iwo nkhani ya sileti saidziwa. Ndiwauza Loweruka, ndisanathenso mtima.

Chatsala chimodzi chimene si changa, ndipo ndachisunga nthawi yaitali mopanda chilolezo. Masana aja kuchipatala, atatsala pang'ono kuleka kulankhula, amayi ako anakupatsa dzina. Anaika dzanja pamutu pako nati, "Uyu ndi Tiyamike." M'chipindamo munali ine ndekha. Pamaliro, ankhazi ako atatchula lawo, ndinakhala chete, chifukwa sindinkaona choyamika ndipo ndinkachita manyazi kuti iwo, akufa, anachiona. Sindinauzepo munthu. Pa mapepala a sukulu ndiwe Masozi, ndipo zimenezo sizingasinthe tsopano. Koma amayi ako anakuona maola asanu okha, ndipo m'maola amenewo sanakutche misozi.

Ukadzandilembera, ngati udzandilembere, udzasaine ndi dzina limene wasankha. Ndidzayankha kwa lililonse.

Ndamva chitseko cha mpanda. Ndilekeze pano.

Ndine adada ako.